Mpanda wa a Kapitao

"Ndani wadula mitengo yanga?"

"Ndadula ndine, alamu. Musavutike n'kufunsa ana."

Anesi anayankha ali chiweramire, akuzula chisoso m'munda mwake mwa nandolo. Pafupi ndi phazi lake panali mpeni wodulira tiyi wa amuna ake, ndipo nthambi za mkungudza zinali mbwee pansi, zikununkha utomoni. A Peterson, kapitao wa pa esiteti, amenenso anali amuna a mng'ono wake Teleza, anaima potero atavala chikhothi chawo cha khaki.

"Mukudziwa kumene inachokera mitengo imeneyi?"

"Kunazale kwa Dona. Mudzi wonse ukudziwa, ndi nkhuku zomwe. Munatiuza tsiku lobzala, mawa lake munatiuzanso."

"Ndiye mwaidula bwanji?"

"Taonani nandolo wangayu, alamu. Muone ndi maso, osati ndi chipewa."

Kunena zoona, nandoloyo anali womvetsa chisoni. Wa anthu ena anali atachita kale maluwa, koma mizere ya Anesi yoyandikana ndi mpanda inali yachikasu, yoonda ngati miyendo ya nkhuku. Dothi lake linali gwa, ngakhale chiperoni chinali chitanyowetsa dziko sabata yonse. Mpandawo a Peterson anaubzala chaka chimene anawakweza kuchoka m'dimba la maluwa la Dona n'kukhala kapitao. Anabwera ndi timbande tosakwana chikhatho, n'kutindandalika mothinana kuzungulira nyumba yawo, monga zilili kunyumba ya Bwana kumtunda. Anthu anaseka. Dzinja lachitatu lisanathe, kuseka kunatha, chifukwa mkungudza unali utapitirira denga, uli bii, woti ngakhale nkhuku imaubwerera.

"Inu simudziwa ubwino wa chinthu ichi," anatero a Peterson. "Fumbi la mumsewu silifika pa ufa wa mkazi wanga. Mphepo ya chiperoni imathera panja. Mbuzi zanu zija zinkatidyera mbatata, zili kuti lero? Munthu ndimadya pakhomo panga popanda wondiwerengera nthongo. Mpanda wa udzu chaka ndi chaka kumanganso, uwu umadzimanga wokha."

"Umadzimanga ndi madzi a m'munda mwanga. Mizu yake ndikuipeza pakati pa mizere. Dzuwa la m'mawa ndinalionapo liti pano? Ana anga adye mthunzi?"

Apa Teleza anatulukira pachipata, akuyenda mwapang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anali woyembekezera, ndipo iyi inali mimba yoyamba kufika pooneka, zina zonse zinkachoka zisanadziwike. Amayi awiri atatu opita kuchitsime anali ataima m'njira, mitsuko ili pamutu.

"Abambo, ndi nthambi chabe," anatero Teleza. "Ziphukanso."

"Ziphukanso? Ukuuyesa bulugamu? Mkungudza ukaudula mpaka pathunthu suphukanso. Pamenepa pakhala chibowo mpaka kalekale."

Teleza anayang'ana chibowocho, kenaka nandolo wa mkulu wake. Mpandawu iyenso ankaukonda, tisamunamizire. Ankati amasamba mtima uli m'malo, ndipo ufa amayanika osaulondera. Koma tsiku limenelo pakamwa panamutsogolera.

"Komatu achemwali akunena zoona. Nandolo wawo wafa ndi mitengo yathuyi."

Amayi a mitsuko aja anayang'ana pansi. A Peterson anamuyang'ana mkazi wawo nthawi yaitali, ndipo atayankhula mawu anatuluka otsika.

"Lowa."

Teleza analowa. A Peterson anatembenukira kwa Anesi.

"Alamu, mumve bwino. Dothi mukulilirirali si lanu, si langa, ndi la Bwana. Mpeni wanu ukakhudzanso tsamba limodzi, kapena phazi lanu likaponda mkati mwa mpanda uwu, ndikanena kuofesi kuti banja la Goodson likukana thangata. Zimene alonda amachita ndi denga la munthu wotero munazionapo."

Anesi anazionapo ndithu. Chaka chatha banja lina analisasulira denga dzuwa likuswa mtengo, n'kuliika pamsewu wa ku Khonjeni ndi mitolo pamutu, chimanga chili chosakolola m'munda.

A Goodson, amuna a Anesi, anaweruka kodulira tiyi dzuwa litapendeka, nkhani ataimva kale m'njira. Sanakhale n'komwe pansi.

"Amake Leah, mpeni wanga ndinausaka m'mawa wonse, ndagwira ntchito ndi wobwereka. Kani unali kuno ukutigwetsera nyumba?"

"Ndiye ndizingoyang'ana munda ukufa?"

"Ufe! Nandolo timagona m'mwemo? Akatichotsa pano tilowera kuti? Tiwolokenso Ruo kubwerera kwa Apwitikizi, kumene makolo anathawa chikoti? Munthu uja dzina lathu lili pakamwa pake."

"Ndi mlamu wathu."

"Anali mlamu wathu asanavale chikhothi."

Akali mkati molimbana choncho, kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a mwamuna, okwera. Kenaka chinthu chinagwa, khu, ngati thumba la chimanga. Panamveka kulira kamodzi kokha, kwakufupi, n'kuduka.

Anesi anadzambatuka. A Goodson anamugwira mkono.

"Mukupita kuti?"

"Simunamve?"

"Ndamva mtsuko ukugwa."

"Mtsuko umalira?"

"Amake Leah, khalani pansi. Chonde. Taonani anawa."

Pamudzi paja panali kachitidwe kake. Mwamuna akayamba kukweza dzanja pa mkazi, amayi oyandikana nawo ankangonyamuka mmodzimmodzi, wina ndi lichero lake, wina ndi mwana kumsana, n'kukakhala pakhonde la nyumbayo. Osayankhula, osaleretsa, kungokhala basi. Panalibe mwamuna amene dzanja lake linkapirira maso amenewo. Ankhoswe ambiri anatsala kutsidya kwa Ruo, ankhoswe a Teleza omwe, ndiye khonde lija ndilo linkasunga mabanja. Koma kuti ukakhale pakhonde la munthu uyenera kuliona. Pakhomo pa a Kapitao panali chipata cha matabwa, ndipo pachipata munthu amati odi n'kudikira.

Anesi anaima akumvetsera. Kuseri kuja kunali phee. Anakhala pansi.

M'mawa mwake anapeza chibowo chija atachitseka ndi mphasa yakale, yomangirira cham'kati. Mtondo wa Teleza, umene unkalira tsiku lililonse tambala akangotsika, sunamveke. Kuchitsime sanabwere. Madzi anayamba kubwera ndi amuna a thangata m'madebe, monga amachitira kwa Bwana. Mawa lake chimodzimodzi. Mtima wa Anesi unakana, ndipo anakaima pachipata.

"Odi! Odi kuno!"

A Peterson anatsegula pang'ono, thupi lawo litadzaza mpata wonse.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero Anesi. "Ndimati ndimuone mng'ono wanga."

"Akupuma."

"Wadwala?"

"Munthu woyembekezera akapuma ndiye kuti wadwala? Dona amapita kuchitsime? Ndamuuza asamatuluke, mphepoyi ndi yoipa. Si inu munaboola pamene ikulowera?"

"Ndingomupatsa moni."

"Ndimuuza kuti munabwera. Phazilo, alamu. Laponda pamzere."

Anesi anayang'ana phazi lake n'kulibweza. Chipata chinatsekedwa.

Ndiye m'mawa wotsatira, nkhungu ikali m'mizere ya tiyi, kuseri kwa mkungudza kunamveka du! du! du! Anesi anali akusesa. Tsache linagwa pansi, iye n'kuseka yekha ngati wopenga.

"Abambo a Leah! Tamverani!"

"Ndikumva. Sindinanene ine?"

"Akusinja! Mayo ine, mtima unatsala pang'ono kuchoka. Munthu wodwala sangakweze munsi chonchija."

"Ndiye muzigona tsopano. Za m'banja la eni zimatha zokha."

Nyimbo sinamveke, koma zimenezo sizinamudabwitse. A Peterson analetsa kalekale nyimbo za pamtondo pakhomo pawo, ankati ndi mmene akazi amanyozera amuna awo mudzi wonse ukumva, ndipo nyumba ya kapitao si yoimbidwa. Anesi anangomvera munsiwo, mtima n'kukhala pansi.

Kuchitsime amayi anamuzungulira. A Magdalena, mzamba wa pamudzipo, amene analandira pafupifupi mwana aliyense wobadwira pa esitetiyo, ndiwo anafunsa.

"Iwe Anesi, mng'ono wako sitikumuona. Tsiku lija tinamva kuti kunali phokoso. Ndimati ine ndi anzangawa tikagogode, mimba ija ndiione."

Anesi anaganiza za chipata, za phazi lake pamzere, za denga. Amayiwa akapita, a Peterson adzati wawatuma ndani?

"Musavutike, amayi. Ali bwinobwino. Ndimamumva akusinja m'mawa uliwonse, mwamphamvunso."

"Wamuona?"

"Kumuona ayi, alamu aja mukuwadziwa. Koma mtondo ndiye sujomba."

"Chabwino, poti wanena ndiwe mbale wake."

Anatula nkhaniyo pomwepo n'kuyamba ya mtengo wa mchere kusitolo ya a Salehe. Aliyense wofunsa za Teleza masiku otsatira ankayankhidwa chimodzimodzi, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kuyankhana okha: ali bwino, mkulu wake amamumva akusinja.

Tsiku lina Anesi anaganiza zomupatsa moni mwa njira ina. Kuyambira ali atsikana, awiriwa ankasinja mtondo umodzi, minsi ikulandizana, wina ukamakwera wina ukutsika, osagundana ngakhale atatsinzina. Anakokera mtondo wake pafupi ndi mpanda, n'kudikira. Wa kuseri utati du, iye anayankha du. Unati du, iye du. Koma munsi wa kuseriwo sunamulandire. Unathamanga, unaima, unayambanso pawokha, ngati munthu amene sakufuna kuyenda nawe limodzi.

Anayesanso mawa lake. Chimodzimodzi.

"Wandikwiyira," anawauza a Goodson. "Akuti ndinamuputira mavuto."

"Nanga simunamuputire?"

"Asa! Ndinamuuza ndine kuti ayankhule? Ine ndinamulera mwana ameneyu, ndinamubereka kumsana amayi atamwalira, lero azindinyanyalira kuseri kwa mitengo? Akwiye. Akadzamva zowawa adzandiitana yekha."

Anabweza mtondo wake pakhonde. Kwa masiku angapo, munsi wa kuseri ukalira, iye ankangoti, "Sinjani, Dona wamng'ono," n'kupitiriza zake. Nthambi zozungulira chibowo chija zinauma n'kufiira, monga ananenera mwini wake, ndipo Anesi akamapalira pafupi napo ankafulatira.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, m'mawa wina amuna onse atapita kuntchito, Anesi anali m'munda muja akukumba mizu ya mkungudza mobisa, kuidula ndi khasu pansi pa dothi pamene mwini wake sangaone. Mtondo unayamba. Du, du, du. Kenaka wosinjayo anadziiwala, n'kuyamba kung'ung'udza, mawu n'kutuluka:

"Chimanga n'cha eni, mtondo n'wa eni,
msana wokhawu ndi wanga, amayi."

Khasu linaima m'mwamba. Mawuwo anali opyapyala, a mtsikana, okoka Chimang'anja cha kumunsi. Teleza mawu ake anali aakulu, okhala ngati a mwamuna, ndipo pamtondo sankaimba chinenero china koma Chilomwe.

Anesi sanaganize za denga. Anathamangira pachibowo, anakankha mphasa ija mpaka luzi linaduka, n'kukwawa, nthambi zouma zikumukala kumaso. Atadzutsa mutu anaona mtsikana ataima pamtondo wa Teleza, munsi uli m'manja, maso ali tong'o. Anamuzindikira. Anali Lestina, mwana wa mayi wamasiye wa ku Nchilamwela, wa m'gulu lopalira tiyi limene a Peterson ankaliyang'anira.

"Iwe ukutani pano? Mwini mtondowu ali kuti?"

Lestina anangoloza ndi mlomo pansi, pambali pa Anesi.

Teleza anali pomwepo, pafupi moti Anesi akanamuponda pokwawa. Anagona pachiguduli m'tsinde mwa mpanda, pa masamba ouma a mkungudza, atafunda nsalu ziwiri. Pamalopo panali pozizira ngati m'phanga, poti mpandawo unkatsekereza dzuwa mkati momwe. Nkhope inali itatha, milomo yosweka, maso atalowa. Mimba panalibe. Fungo limene linkachokera m'nsalumo Anesi analidziwa.

"Teleza! Mayo, Teleza mwana wa amayi!"

"Achemwali." Mawu anali ngati a munthu wolankhula m'tulo. "Mwalowa. Bwererani msanga, angakupezeni."

"Mwana ali kuti?"

Teleza anatseka maso. Anayankha ndi Lestina.

"Anatuluka tsiku la phokoso lija, atafa kale. A Kapitao anawaponda pamimba. Ine anandiitanitsa patapita masiku awiri, anati ndizisinja ndi kuphika, tikiti yanga ya ntchito azidula ngati ndili kumunda. Anati ndikatsegula pakamwa, amayi anga awachotsa pamalo."

"Anakamutaya ndani mwanayo? A Magdalena sakudziwa kanthu."

"Okha. Anakumba apo." Analoza pakona ya mpanda, pamene dothi linali lofiira.

"Mwamuna? Mwamuna kukwirira mtayo ndi manja ake, popanda mayi ngakhale mmodzi? Nanga uyu anamusambitsa ndani? Anamupatsa mankhwala ndani?"

"Ine ndimangowapukuta ndi madzi otentha. Zinazo sindizidziwa, amayi, sindinaberekepo. Anabweretsa timapiritsi ta kwa Dona, akuti ta malungo."

Anesi anagwada n'kunyamula mutu wa mng'ono wake. Unali wotentha ngati mwala wa pamoto.

"Nanga bwanji wamugoneka panja pozizira chonchi? Ulibe chisoni iwe?"

"Amafuna okha. A Kapitao akangotuluka amati ndiwakokere pano."

"Pansi pa mphasa pali mpata," anatero Teleza. "Ndimaona mapazi anu mukamapalira. Dzana munavulala chala. Mwamangapo?"

Anesi anayang'ana chala chake chakuphazi, chomangidwa ndi kansanza.

"Unkandiona? Masiku onsewa uli apa, ine ndili apo? Bwanji osandiitana, Teleza? Liwu limodzi lokha, bwanji?"

"Mukanalowa."

"Eya, ndikanalowa!"

"Ndiye a Leah akanagona kuti?"

Anesi anamupukuta pachipumi ndi nsonga ya nsalu.

"Tsiku lija munabweretsa mtondo ndinamva," anapitiriza Teleza. "Ndinamuuza uyu kuti akulandireni. Sadziwa. Anayesa, koma sadziwa."

Apo Anesi anaimirira n'kukuwa. Sikunali kulira kwa maliro, kunali kukuwa kuja amakuwa nyumba ikapsa. Anakuwa mpaka agalu a kumalaini a antchito anayankha. Amayi anatuluka m'minda ndi m'nyumba, ena makasu ali m'manja, ndipo atapeza chipata chili chomanga ndi waya, anazungulira n'kumalowa pachibowo, mmodzimmodzi, chokwawa. A Magdalena analowa chomwecho ndi ukalamba wawo. Anavundukula nsalu, anayang'ana, anabwezeretsa. Anapempha madzi otentha, anatuma wina kukafuna mizu, wina kukaitana amuna kuti abwere ndi machira a ku mishoni. Koma Anesi anaona nkhope yawo.

"Amayi, achira?"

"Akanandiitana sabata yoyamba ija, bwenzi tikunena zina." Anamuyang'ana Anesi. "Iwe unati umamumva."

"Ndinkamva mtondo."

A Magdalena anatembenukira kwa Teleza n'kuyamba kumupukuta ndi madzi otentha aja.

A Peterson anafika dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, atamva kumunda kuti kwawo kwadzaza anthu. Anamasula waya, anakankha chipata.

"Ndani wakulolani kulowa muno? Ndani? Mukudziwa kuti pano ndi pa..."

Pakhonde pawo panali amayi okhaokha, kuyambira pakhomo mpaka pakona, ena pansi pabwalo, ena atatsamira nkhokwe. Atatu anakhala mozungulira dothi lofiira lija. Panalibe woyankhula. Onse ankangowayang'ana. A Peterson anafunafuna nkhope yoti aikalipire, anapeza ya Anesi, atakhala pakhomo mutu wa Teleza uli pamiyendo pake.

"Alamu, ndinakuuzani za phazi lanu."

"Munandiuza. Ndi ili, lili mkati. Pitani kuofesi. Mukanenenso zimene zili pakona apo."

A Peterson anavula chipewa, anachivalanso. Anakhala pa chitsa pafupi ndi chipata, n'kumayang'ana nsapato zawo.

Machira anafika mochedwa, chifukwa amuna sakanachoka kumunda belu lisanalire. Pamene ankafika n'kuti Teleza atasiya kale kuyankha. Anatsirizika dzuwa lisanalowe, amayi aja ali pomwepo.

Mawa lake anthu anabwera ochuluka, ochokera kumalaini, ku Kapichi, ena mpaka ku Khonjeni. Bwalo la m'kati mwa mpanda silikanatha kulandira ngakhale theka lawo, ambiri anangoima mumsewu osaona kanthu. Adzukulu, amene pamaliro amakumba manda ndi kunyamula mtembo, atabwera ndi chithatha anapeza kuti pachipata sichingadutse. Mkungudza unali utakula mbali zonse ziwiri mpaka mpata unatsala wa munthu mmodzi woyenda chammbali.

"Tichipendeketse," wina anatero.

"Munthu wapendekeka mokwanira ali moyo," anayankha wamkulu wa adzukulu. "Bweretsani nkhwangwa."

A Peterson anaimirira. "Mtengo umodzi wokha, mbali iyi. Umodzi ukwanira."

Pamaliro adzukulu sapatsidwa malamulo, ngakhale ndi kapitao. Akafuna nkhuku amagwira, akafuna mtengo amadula. Anagwetsa wa pachipata, anagwetsa wotsatira. Wina anati anthu ali mumsewuwa nawonso alowe, ndipo nkhwangwa zinapitirira. A Goodson anavula malaya, analanda nkhwangwa kwa mnyamata wina, n'kuyamba mbali yoyang'ana kwawo, akudula ngati ali ndi mlandu ndi mtengo uliwonse. Anasiya pakona pokha, pa dothi lofiira, pamene a Magdalena anati pasaponde mwamuna. Nthambizo anamangira chisakasa cha olira, ndipo amene anakhala m'menemo anati fungo lake ndi labwino, limathamangitsa ntchentche.

Kuofesi a Peterson sanapite, ndipo denga la a Goodson silinakhudzidwe. Kuboma nakonso sikunapite munthu. Akanapita ndani, kukanena kapitao wa Bwana, n'kubwerera kudzagona pa dothi la Bwana yemweyo? Bwana anatumiza nsalu yoyera, ndipo atamva kuti mpanda wagwa anati n'zachisoni, unali wokongola, kunazale mbande zilipo zambiri. Lestina anabwerera kopalira. Sabata isanathe a Peterson anali atavalanso chikhothi chawo, akuitana maina a antchito m'mawa.

Tsiku loyamba kubwerera m'munda, Anesi anatuluka ndi khasu n'kuima. Dzuwa la m'mawa linali litagwera pa nandolo yense, mpaka mzere wotsiriza, umene sunalionepo zaka ziwiri. Kupyola zitsa zoyera zija ankaona chilichonse: khonde, chitseko, nkhokwe, ndi mtondo utagonekedwa chammbali. Kuchokera pamene anaimapo kufika pamene Teleza ankagona, munthu akanatha kupatsirana chikho cha madzi.

A Goodson anatulukira kumbuyo kwake, mpeni wawo uli m'manja.

"Achira nandoloyu," anatero. "Chiperoni chikangobweranso kamodzi, achita maluwa."

"Achita," anatero Anesi.

Anachitadi maluwa, mochedwa, n'kubereka mpaka nthambi kuwerama. Amayi odutsa popita kuchitsime ankaima n'kumati nandolo wotere sanaonekepo pamudzi pano. Anesi sanathyoleko ngakhale wa ndiwo za tsiku limodzi. Nandoloyo anaumira m'munda momwemo, ndipo poti mpanda panalibenso, anadyedwa ndi mbuzi za anthu.